Kodi ndi chinyengo kuyimba kwaya pamene sukudziwanso ngati Mulungu alipo?

Tenala wa ku Manje

Dzina langa lenileni sindilemba, chifukwa anthu a kumpingo kwathu ali paliponse ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi ikafike kwa amayi anga.

Ndakhala ndikuyimba tenala m'kwaya kuyambira ndili ku sekondale. Mpaka pano Lamlungu ndimavala yunifolomu n'kukaima kutsogolo. Koma chichitikire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndikati nditsinzine kuti ndipemphere, pakamwa pamangouma. Mlongo wanga ankakhala ku Chilobwe chakumtunda, m'tsinde mwa phiri la Soche. Matope ndi miyala zitagumuka, iyeyo anapulumuka koma ana ake awiri anapita. Wamng'ono tinamupeza n'kumuika m'manda. Wamkulu mpaka lero sanapezeke.

Patapita masabata angapo kunabwera mlaliki wina mlendo. Anati namondweyo ndi chikwapu cha Mulungu chifukwa Blantyre yadzaza ndi mabala, uhule ndi katangale. Anthu ankati ameni. Ine ndinakhala pabenchi ya kwaya n'kumadzifunsa kuti mwana amene sanayambe n'komwe sukulu anadya katangale wanji? Mabala a m'tauni onse adakalipo. Akuba ndalama za boma anagona m'nyumba zouma ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe. Ngati chinali chikwapu, bwanji chinaphonya chonchi?

Ndiye mafunso anga ndi awiri. Mulungu wamphamvu zonse ndi wachikondi angaonerere bwanji zotere? Ndipo ine amene ndikuyimbabe nyimbo zomutamanda ndili ndi mtima woterewu, kodi sindikunamiza anthu? Chonde musandiuze kuti "Mulungu amadziwa". Mawu amenewo ndawamva mokwanira pasiwa.

Wofunsafunsa

Pepani kwambiri achimwene chifukwa cha anawo.

Ine ndinasiya kukhulupirira kalekale, ndiye muwerenge zanga mukudziwa zimenezo. Funso lanu loyambalo ndi lakale kuposa Chikhristu, Agiriki ankalifunsa kale: ngati akufuna kuletsa zoipa koma sangathe, ndiye kuti alibe mphamvu, ngati angathe koma sakufuna, ndiye kuti si wabwino, ngati angathe ndipo akufuna, nanga zoipazi zikuchokera kuti? Pa 1 Novembala 1755 chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal m'mawa wa tsiku la Oyera Mtima Onse, anthu ambiri ali m'matchalitchi. Alaliki a kumeneko ananenanso zomwezo, kuti ndi chilango. Anthu oganiza anafunsa zomwe mukufunsa inuzi, kuti kodi a ku Lisbon anali ochimwa kuposa a ku Paris ndi London amene ankavina bwinobwino?

Mukachotsapo Mulungu, nkhani ya Chilobwe imamveka yonse popanda chotsala. Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar ndi Mozambique, anabwerera kunyanja n'kukatenganso mphamvu pamadzi ofunda, kenako anadzalowanso kudzera cha ku Quelimane. Anakhala masiku oposa 30. Mvula ya masiku angapo inagwera paphiri lomwe mitengo yake tinaotcha makala. Anthu anamanga m'matsitso chifukwa malo a kumeneko ndi amene wosauka angakwanitse. A zanyengo anachenjeza, koma munthu wa ganyu athawire kuti? Palibe pamene pakufunika mkwiyo wa kumwamba. Mitengo, umphawi, ndi mapulani a mzinda amene sanatsatidwe, basi.

Za kwaya sindingakuweruzeni. Pa kalembera wa 2018 amene anati alibe chipembedzo anali pafupifupi 2 pa 100 alionse, koma ndikukayika kuti okayika ndi ochepa choncho. Kuno kusiya mpingo si nkhani ya m'mutu mokha. Ukamwalira akuyimbira ndani? Ukwati ukadalitsira kuti? Amayi ako awauza chiyani anzawo a kumvano? Ambiri amangokhala chete n'kumapita.

Mkulu wa Mpingo Wopuma

Mwana wanga, ndayamba ndakhala kaye chete ndisanalembe, chifukwa pa maliro a mwana mawu ambiri amavulaza.

Mlaliki ameneyo analakwa, ndipo si ine ndikumutsutsa, ndi Baibulo lomwe ananyamulalo. Tsegulani Luka 13. Nsanja ya ku Siloamu inagwa n'kupha anthu 18, ndipo Yesu anafunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti ayi. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wakhungu, iye kapena makolo ake. Yankho linali lomwelo, palibe mwa iwo.

Koma kumene ndikufuna mukhazikike ndi kwa Yobu. Ifetu timakonda kulalikira mitu iwiri yoyamba ndi mutu womaliza, pamene Yobu akupirira ndi pamene akubwezeredwa ng'ombe ndi ngamira. Pakati ponsepo, mitu yoposa 30, timadumpha. M'menemo Yobu akutemberera tsiku limene anabadwa. Akunena poyera kuti Mulungu amawononga wosalakwa pamodzi ndi woipa. Akufuna bwalo lamilandu kuti akaonane naye maso ndi maso. Anzake atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anachita bwino masiku 7 oyamba pamene anangokhala naye pansi osayankhula. Atatsegula pakamwa anayamba ulaliki womwe munaumva inuwo: vomera, pali tchimo penapake. Ndiye onani kumapeto, pa mutu 42 ndime 7. Mulungu akukwiyira anzake aja, oteteza Mulunguwo, kuti sananene zoona za Iye monga anachitira Yobu. Wodandaula uja ndi amene anayankhula zoona. Ndaphunzitsa kalasi ya ubatizo zaka zambiri, koma ndime imeneyi sinasiye kundidabwitsa.

Bambo Wofunsafunsa anena zoona za mitengo ndi makala, sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Kumene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti "popanda chotsala". Chotsala chilipo. Sayansi ikutiuza mmene phiri linagumukira. Koma mkwiyo umene muli nawowu, wakuti zimenezi siziyenera kuchitikira mwana, ukuchokera kuti? Ngati zonse ndi madzi ndi miyala, palibe "siziyenera". Mwala sulakwa. Inu mukuona kuti pali amene akuyenera kuyankha, ndipo kwa ine chimenecho chili pafupi ndi chikhulupiriro kuposa ameni wa anthu aja.

Chifukwa chimene Mulungu sanaletsere matopewo, ine sindikuchidziwa. Yobunso sanauzidwe.

Za kuyimba: Salimo 88 ndi nyimbo ya kwaya, mutu wake ukutchula ana a Kora, oyimba a m'kachisi. Iwerengeni. Ilibe ndime yachimwemwe ngakhale imodzi, imathera mumdima. Anaiika m'buku la nyimbo ndipo ankaiyimba. Musadzitche wachinyengo msanga.

Wofunsafunsa

Akuluakulu, ndakumvani ndipo ndalemekeza kuti mwavomera kuti simukudziwa. Alaliki ambiri mawu amenewo sawatha. Koma mfundo ya mkwiyoyo sindikuivomera. Kumva kuti siziyenera kutero kukungoonetsa kuti timakonda ana athu. Nyani nayenso amanyamula mwana wake wakufa masiku angapo osafuna kumusiya. Kulakalaka kuti pakhale woyankha sikusonyeza kuti woyankhayo alipo. Ndipo Yobu anabwezeredwa ana ena 10, koma 10 oyamba aja anakhalabe m'manda. Mlongo wa mnzathuyu mungamuuze kuti nkhaniyo inatha bwino?

Mkulu wa Mpingo Wopuma

Ayi bambo, sindingamuuze choncho. Mwana salowedwa m'malo.

Anaphiri a ku Phalombe

Abambo inu mukambirane zanu zakuyazo, ine ndinene zomwe ndinaona. Mu Malichi 1991 ndinali mtsikana pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana kwathu kuno. Agogo anga sananene kuti Chauta walanga. Ankati Napolo wadutsa, chinjoka cha m'phiri chikusamuka kupita kunyanja, ndipo amene wapezeka panjira yake wapezekapo basi. Mukhoza kuseka za njokazo, inenso sindizikhulupirira, koma taonani: nkhani ya agogoyo sinkaloza chala wakufayo. Sinkati anachimwa. Zoti tsoka lililonse lili ndi mwini wake wochimwa zachuluka masiku ano, pamodzi ndi aneneri a mafuta odzozera ndi mbewu zofesa.

Freddy atabwera tinaikanso anthu. Amayi ena amene tinkapemphera nawo kumphakati anasiya kubwera chaka chathunthu. Sitinawatumizire mavesi. Tinkangopita kukawathandiza kupeta ndi kutunga madzi. Anabwerera okha, ndipo mpaka pano pa pemphero la Atate Athu, pofika pa "kufuna kwanu kuchitidwe" amatseka pakamwa. Tonse timadziwa, palibe amawafunsa.

Inu achimwene, funso limene sindinalione apa ndi lakuti mlongo wanuyo ali bwanji. Munakambirana naye zimenezi?

Wa ku Mangochi

Ine ndine Msilamu, ndingoponyapo pang'ono. Kwa ife Ayubu ndi mneneri, ndipo naye anadandaula kwa Mbuye wake kuti mavuto amukhudza. Kupirira sikutanthauza kusalira. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anagwetsa misozi mwana wake Ibrahim atamwalira ali wakhanda. Ndipo timaphunzitsidwa kumanga ngamira kaye kenako n'kudalira Mulungu. Choncho za mitengo ya pa Soche ndi kumene anthu akuloledwa kumanga, zimenezo ndi ngamira yathu. Amene akuti ndi chilango akuthandiza akuluakulu a mzinda kuthawa mafunso.

Tenala wa ku Manje

Zikomo nonse. Ndawerenga kangapo.

Mayi Anaphiri, funso lanu landigwira. Mlongo wangayo tsopano akukhala kwa amayi ku Chiradzulu, ndipo ndi amene amapemphera kuposa tonse. Amadzuka mbandakucha. Amati ana ake ali m'manja mwa Yesu ndipo adzawaona. Ndikamumva ndimachita mantha kutsegula pakamwa, chifukwa ngati bambo Wofunsafunsa akunena zoona, ndiye kuti wamkulu uja ali pansi pa matope penapake ndipo nkhani yathera pomwepo. Ine ndingathe kusenza ganizo limenelo, mwina. Iye sindikudziwa. Koma kumusiyira chikhulupiriro chifukwa choti chikumuthandiza, pamene ine ndikuchikayika, kukuonekanso ngati kumupeputsa, ngati ndikumuona wofooka.

Bambo Mkulu wa Mpingo, Salimo 88 ndaiwerenga. Sindinaimvepo ikuwerengedwa pagome kwathu. Yobu ndayamba mutu 3. Sindikunena kuti mwandibweza, chifukwa funso la bambo Wofunsafunsa la ana 10 aja landikhalabe pakhosi. Kwaya ndipitiriza pakadali pano, koma ndauza atcheya kuti asamandipatse kutsegula ndi pemphero. Ndinati ndili ndi chifuwa, anangondiyang'ana.

Chatsala ndi ichi: mwezi wamawa kuli Mgonero. Amayi anga adzakhala alipo, ndipo ndikakhala pansi osapita kutsogolo adzaona. Ndipite kapena ndisapite?

Mkulu wa Mpingo Wopuma

Limenelo sindingakuyankheni pa intaneti, sindine mkulu wa dera lanu. Mumpingo mwanumo muli mkulu mmodzi amene anaikapo mwana wake. Simungalephere kumudziwa. Pitani kwa ameneyo, osati kwa wodziwa mavesi ambiri, ndipo mukamuuze zonse monga mwatiuzira ife, za chifuwa zomwe.