Kodi tizilombo ta m'nthaka tingalowe m'malo mwa laimu?

Mlimi wa ku Thyolo:
Munda wanga ndi wa katondo, ndipo nditakayezetsa dothi ku Bvumbwe anandiuza kuti pH yake ili pansi pa 5, kutanthauza kuti asidi ndi wochuluka. Chimanga chimapinimbira ndipo masamba ake amafiirira chikadali chaching'ono, ngakhale ndithire feteleza pa nthawi yake. Alangizi akuti ndithire laimu, ufa wa miyala wochepetsa asidi m'dothi, koma mtengo wake pamodzi ndi wa mayendedwe ukundikulira. Ndamva kuti pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timathandiza mbewu kupirira m'dothi lotere. Kodi ndi zoona, ndipo tingakwanire patokha? Mlamu wanga wa ku Chikwawa, yemwe dothi lake akuti ndi la alikalini, kutanthauza kuti pH yake ndi yokwera kwambiri mosiyana ndi langa, akufunsanso zomwezo.

Mlangizi wopuma:
Bambo, tizilomboto tilipodi ndipo timathandiza, koma tiyambe ndi chimene chikuvutitsa chimanga chanu. pH ikatsika kufika pansi pa 5.5, aluminiyamu yemwe amangokhala phee m'dothi amasungunuka ndi kuyamba kuononga nsonga za mizu, kotero mizu imakhala yaifupi ndi yonenepa, yosatha kutsika kukafuna madzi. Pa nthawi yomweyo fosifolasi amene mwathira amagwidwa ndi aluminiyamu ndi ayironi, mbewu n'kulephera kumuyamwa, ndipo kufiirira kwa masamba kumene mukuona nthawi zambiri kumachokera pamenepo. M'madera a mvula yambiri monga Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, madzi amakokolola kashiamu ndi maginiziyamu kupita pansi, ndipo yuliya amene timathira chaka ndi chaka amaonjezera asidiyo. Tiyi amakonda dothi lotero, chimanga ayi.

Thandizo lalikulu limachokera ku mtundu wa bowa wotchedwa mycorrhiza, umene umalowa m'mizu ndi kutulutsa timaulusi topyapyala kuposa tsitsi. Timaulusito timafika kumene mizu singafike ndi kubweretsa fosifolasi ndi madzi, ndipo mbewu imalipira bowawo ndi shuga. Palinso mabakiteriya a mitundu ya Bacillus ndi Pseudomonas amene amatulutsa timadzi tomasula fosifolasi wogwidwa uja, ndipo timadzi tomweto timamanga aluminiyamu kuti asapweteke mizu. Komabe zimenezi zimachitika pafupi ndi muzu pokha, pH ya munda wonse siisintha. Laimu ndiye amaikweza.

Mayi wa soya, Mchinji:
Ndikugwirizana ndi a mlangizi, ndipo ndionjezere kuti tizilomboto nato ndi tamoyo, asidi akachuluka timavutika monga mbewu. Ife olima soya timagwiritsa ntchito inokulanti, ufa wakuda wokhala ndi mabakiteriya a Bradyrhizobium amene amatenga nayitirojeni mu mpweya ndi kupatsa mbewu. Timanyowetsa mbewu ndi madzi a shuga pang'ono, kusakaniza ndi ufawo mu beseni pa mthunzi mpaka njere iliyonse itada, ndi kudzala tsiku lomwelo, chifukwa dzuwa ndi kutentha zimapha tizilomboto. Soya akayamba maluwa ndimakumba phando limodzi ndi kudula timibulu ta pa mizu ndi chikhadabo: mkati mukakhala mofiira ndiye kuti ntchito ikugwirika, mukakhala moyera kapena mobiriwira palibe chimene chikuchitika. Pa dothi la asidi wambiri timibulu timachepa, ndiponso molibidinamu, amene tizilomboto timafuna pa ntchito imeneyi, sapezeka mokwanira. Inokulanti wa soya si wa chimanga, wogulitsa asakunamizeni.

Wa ku Nchalo:
Za mlamu wanu ndiyankhe ndine. Kuno ku chigwa cha Shire kuli makande ndi malo ena amene pH imapitirira 8, ndipo vuto lake ndi lina. Fosifolasi amagwidwa ndi kashiamu, pamene ayironi ndi zinki zimakhalamo m'dothi koma zosasungunuka, n'chifukwa chake masamba a kunsonga amachita chikasu mitsempha yake ili yobiriwira. Mabakiteriya ena amatulutsa mankhwala amene amakoka ayironi ndi kumusungunula, ndipo mizu imapindula nawo. Manyowa owola bwino ndiwo chakudya chawo. Mlamu wanuyo asathire laimu kapena phulusa, chifukwa zonse ziwiri zimakweza pH. Ayezetsenso ngati vuto si mchere, pakuti anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi. Dothi likamayera pamwamba m'chilimwe, chimene ndi chizindikiro cha mchere, chofunika choyamba ndi ngalande zotulutsa madzi, osati tizilombo.

Mlimi wa ku Thyolo:
Zikomo nonse. Ndiye kuti ndigule mabotolo a tizilombo amene ayamba kuoneka m'masitolo, kapena ndalamazo ndisungire laimu?

Mlangizi wopuma:
Ine ndikanasankha laimu, ngakhale wa chigawo chimodzi cha munda chaka chino, ndipo mumusakanize ndi dothi kudakali miyezi iwiri kapena itatu kuti mudzale, popeza amachedwa kugwira ntchito. Mycorrhiza simusowa kugula, ali kale m'munda mwanu. Chofunika ndi kusamuononga. Kutentha mapesi kumamana tizilombo chakudya, kugaula kwambiri kumadula timaulusi tija, ndipo kabichi ndi mpiru sizigwirizana ndi bowayu, choncho sizimuchulukitsa. Phatikizani nandolo m'chimanga ndipo thirani manyowa pa phando, chifukwa nawonso amamanga aluminiyamu. Za m'mabotolo zimasiyana kwambiri, zina zimafika kwa mlimi tizilombo titafa kale ndi kutentha kwa m'sitolo. Ngati mukufuna kuyesa, onani tsiku limene mphamvu yake ithera, thirani mizere yochepa ndi kusiya ina yoyandikana nayo yosathira, mbewu ndi feteleza zikhale zofanana, ndipo pokolola muyeze pa sikelo mizere ya mbali iliyonse payokha.