Kodi ku Ulaya amawerenga bwanji chimfine mpaka kudziwa kuti chafika?

Mlimi_wa_Domue:
Moni nonse abale. Ndili ndi funso landikhala mmutu kuyambira dzulo. Mchemwali wanga ali ku Lisbon amagwira ntchito yosamala nkhalamba, ndiye tikucheza pa WhatsApp akundiuza kuti kumeneko Okutobala akangofika amawabaya katemera wa gripe, ndiye chimfine pa Chipwitikizi, iyeyo ndi agogo amawasamalawo, ndipo akuti sabata iliyonse amalengeza kuti chimfine chafika pati, chikukwera kapena chikutsika, mpaka kufananiza ndi ku Spain ndi ku France. Ine zandizunguza mutu. Chimfine nkuchiwerenga? Kuno Juni wathayu nyumba yonse tinagona, ine, mayi a ana, ana atatu, koma amayi anga ndiwo anatsala pang'ono kutisiya, chifuwa chosaleka, kupuma mobanika. Kuchipatala anawayeza malungo sanapezeke, anangowapatsa paracetamol kuti tizipita. Mpaka lero mtima umandiwawa. Amene mukudziwa tandiuzeni amachita bwanji anzathuwo, komanso mchemwaliyo atatumiza katemera wa kumeneko angawathandize amayi?

Namwino_Ulongue:
Pepani achimwene ndi za amayi, tithokoze kuti anadzuka. Choyamba tisiyanitse kaye, ife timangoti chimfine chilichonse, koma chomwe amawerenga kumeneko si cha mamina chamasiku atatu chija ayi, ndi fuluwenza, ija imakugwetsa mwadzidzidzi thupi kutentha, mutu, mafupa kuphwanya ngati wakumenya munthu. Imeneyo imapha, makamaka okalamba, ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala kale shuga, mphumu, mtima kapena HIV. A WHO amati chaka chilichonse imatenga anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 padziko lonse.

Kawerengedwe kake sikuti amawerenga munthu aliyense woyetsemula, sizingatheke. Amasankha madokotala ena ndi zipatala zina kukhala ngati alonda, ku Portugal amawatcha Médicos-Sentinela ndipo amene amasonkhanitsa zonse ndi Instituto Ricardo Jorge ku Lisbon komweko. Mlonda uja akalandira munthu wotentha thupi kufika 38 komanso akutsokomola, ndipo zayamba mkati mwa masiku 10, amamulemba, ena mwa iwo amawapisa kathonje mmphuno ngati zija za Covid nkutumiza ku labotale. Kumeneko ndiye amaona kuti ndi fuluwenzadi kapena china, ndipo ngati ili fuluwenza ndi mtundu uti, A(H1N1), A(H3N2) kapena B. Sabata iliyonse dziko lililonse limatumiza zake ku ECDC, bungwe la ku Ulaya loona za matenda, ku Stockholm ndi ku ofesi ya WHO ku Copenhagen, iwo nkuziphatikiza. Nyengo ya fuluwenza amaiwerenga kuyambira sabata ya 40 ya chaka, ndiko kumayambiriro kwa Okutobala, mpaka sabata ya 20, cha pakati pa Meyi. Mwa anthu 100 oyezedwa kwa alonda aja akapezeka nayo 10 amati nyengo yake yayamba. Ubwino wake ndi woti dziko likaona kwa aneba chakwera limayamba kukonza mabedi ndi mankhwala chisanafike, mofanana ndi mmene timachitira tikamva kuti ntchemberezandonda zalowa mminda ya ku Tsangano, sudikira uzione mmunda mwako.

Dalaivala_Moatize:
Zoona zimenezo mayi. Ine ndimayenda Joni ndi thiraki kudzera pa Cuchamano, kumeneko ikafika Meyi Juni ma pharmacy onse amamata zikwangwani za katemera wa flu. Ndinkaona ngati ndi bizinesi chabe. Koma chondidabwitsa nchakuti mchemwali wa achimwenewa akubayitsa Okutobala pomwe ku Joni amabayitsa cha mu Epulo, ndiye olondola ndani? Komanso ife a ku Moatize ndi mu tawuni ya Tete kuzizira sitikudziwa, kutentha kokhakokha, koma chimfine chimatigwira ndithu.

Namwino_Ulongue:
Onse akulondola bambo. Dziko lili ndi mbali ziwiri, kumpoto kukazizira kuyambira Disembala kummwera kumakhala kotentha, ndiye chisanu cha ku Joni ndi chathu chimabwera Juni ndi Julaye. Fuluwenza mmaiko a chisanu imatsata nyengo yozizira, nchifukwa chake kumeneko nkosavuta kuidikirira. Kumalo otentha ngati kwanu ku Moatize ikhoza kubwera mwezi uliwonse. Ku South Africa amene amayang'anira ndi a NICD ku Johannesburg, kwathu kuno ndi a Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene.

Tsono apa ndi pomwe pali yankho la funso lija la achimwene a ku Domue lotumiza katemera. Kachirombo kameneka kamasintha malaya chaka ndi chaka, ndiye katemera wa chaka chatha sakhala wodalirika chaka chino. Mathonje aja ena amapitirira kukafika kumalabotale aakulu a WHO, London, Atlanta, Melbourne, Tokyo, Beijing, ndipo akatswiri amakumana kawiri pachaka, Febuluwale kusankha zoika mkatemera wa kumpoto, Seputembala wa kummwera. Amasankhiratu chifukwa kupanga kumatenga pafupifupi miyezi 6, wambiri amaukuza mmazira a nkhuku. Ntchito yogawana tizilomboyi inayamba 1952, si ya dzulo.

Mphunzitsi_Zobue:
Ine chomwe chimandigwira mtima pankhaniyi ndi ichi. Fuluwenza B inali ndi mabanja awiri, Victoria ndi Yamagata. Kuchokera Malichi 2020, nthawi ija maiko anatseka zipata chifukwa cha Covid, Yamagata sanapezekenso, mpaka a WHO analangiza kuti achotsedwe mkatemera. Taganizani, akanadziwa bwanji kuti wasowa pakanapanda anthu oyeza sabata ndi sabata mmaiko onsewo? Ndiye ndikamva za amayi a ku Domue ndimadandaula, chifukwa pano pa Zobue anthu amawoloka tsiku lililonse kupita ku Mwanza ndi Blantyre, ena akuchokera ku Harare, ana mkalasi mwanga amatha kujomba theka lonse sabata imodzi ndi chifuwa, ndipo mkaundula timangolemba kuti wadwala basi. Malo ngati ano ndi oyenera kukhala ndi mlonda wotere.

Mlimi_wa_Domue:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula mmaso. Ndiye mayi a ku Ulongue mukutanthauza kuti mchemwaliyo asavutike kutumiza?

Namwino_Ulongue:
Asavutike achimwene. Katemerayu amafuna kukhala mfiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8 ulendo wonse, mchikwama kuchokera Lisbon kudzera Maputo mpaka Domue afika atawonongeka kale, komanso amene akubaya kumeneko pano anakonzera chisanu chawo. Wa amayi ndi wa kummwera, wobayitsa chisanu chathu chisanayambe, ndiye cha mu Malichi kapena Epulo mukafunse kuchipatala kapena ku farmácia yaikulu mu Tete ngati alipo. Ndalama yomwe akanatumizira ija awagulire bulangeti ndi juzi, ndipo adzukulu akayamba kutsokomola asagone chipinda chimodzi ndi agogo awo. Chinanso musagule amoxicilina pamsika, sapha fuluwenza. Koma mukadzaona amayi akupuma mothamanga, chifuwa chikuwawa, milomo yasintha mtundu, kapena thupi linazizira kenako latenthanso, musadikire kuche, ndipo malungo akapanda kupezeka muwauze anamwino mwaulemu kuti awamvere mchifuwa, chifukwa fuluwenza kwa okalamba imakonda kutsegulira njira chibayo.