Zithunzi za mitsempha ya mbuzi zabwera zoonongeka, ndalakwitsa pati?

Wa ku Luchenza: Akuluakulu, ndithandizeni. Mbuzi ya mlimi wina kuno inafa ndi zizindikiro za heartwater, matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa: kuyenda mozungulira, kugwa n'kumapalasa miyendo, madzi m'thumba la mtima, nkhupakupa zamawangamawanga kunsi kwa mchira. Ndinadula ubongo ndi impso n'kutumiza kwa mnzathu ku South Africa kuti aone pa electron microscope (EM, makina okuza zinthu zing'onozing'ono kwambiri) mmene tizilombo toyambitsa matendawa, Ehrlichia ruminantium, timakhalira m'maselo okuta mkati mwa timitsempha ta magazi. Zithunzi zafika dzulo. Timitsempha taphwatalala ngati paipi yopondedwa ndi ngolo, endothelium (maselo okuta mkati aja) yasupuka, ma mitochondria (tizigawo topanga mphamvu m'selo) atupa. Ndalama zotumizira zangolowa m'madzi.

Mayi a ku Bvumbwe: Pepani achimwene. Inafa nthawi yanji, ndipo inu munadula nthawi yanji? Munaika mu chiyani?

Wa ku Luchenza: Inafa usiku, ine ndinafika cha m'ma 9 m'mawa. Zidutswa zinali ngati mtedza, mu formalin wa 10%, mankhwala oteteza nyama kuti isaole. Magetsi atavuta ndinasuntha botolo kuika mu freezer ya golosale yoyandikana nafe.

Mayi a ku Bvumbwe: Ayi ndithu, mwazipha katatu. Selo ikafa imayamba kudzigaya yokha, ndipo makinawa amaona kuonongeka kwa mphindi zochepa chabe, nanji usiku wonse. Formalin ndi wa histology, kuona nyama pa microscope wamba, makamaka uja wa m'shelefu wokhala ndi methanol. Freezer ndiye inamaliza, madzi akaundana amang'amba nembanemba zonse za maselo.

Mkulu wa ku Chitakale: Amayi anena zoona. Mukapeza mbuzi yodwala imene mwini wavomera kuti iphedwe, botolo likhale m'manja mpeni usanagwire. M'botolomo mukhale glutaraldehyde (mankhwala okhwimitsa nyama yokaonedwa pa EM) wa 2.5% mu phosphate buffer (madzi osunga pH kuti isasinthe) wa 0.1 M, pH cha pa 7.4, wozizira. Donthezani pang'ono pa sera kapena pa chivindikiro cha pulasitiki, ikani nyamayo m'dontholo, muidule ili momwemo ndi lezala latsopano. Kukoka lezala, osati kukanikiza, chifukwa mukakanikiza ndi pamene timitsempha timaphwanyika. Chidutswa chisapose milimita imodzi, ngati kanjere ka mawere. Glutaraldehyde amalowa pang'onopang'ono, ndiye chidutswa chachikulu chimakhwima kunja, pakati chikuola. Ine ndinazimvetsa nditataya impso zitatu za nkhumba, osandiseka.

Wa ku Luchenza: Nanga perfusion? Ndamva kuti ndiyo imasiya mitsempha yotseguka.

Mkulu wa ku Chitakale: Eya, mankhwala akadutsa m'mitsempha momwemo mpata umakhalabe wozungulira. Koma zija n'za khoswe wa mu labu. Mbuzi idzakumwerani malita, inu muli pansi pa mtengo wa mango. Dulani tating'ono basi, ena mwa ma capillary, timitsempha ting'onoting'ono tija, adzaoneka bwino. Osmium, mankhwala achiwiri okhwimitsira, musiyireni mnzanu wa ku South Africa uja, nthunzi yake imaononga maso.

Mayi a ku Bvumbwe: Zidutswazo zigone mu furiji pa 4°C, m'mawa muzisamutsire mu buffer. Magetsi akathima, cooler box, koma botolo lisakhudze ayezi. Komanso achimwene, brain smear munapanga? Kaubongo kakang'ono pakati pa magalasi awiri, utoto wa Giemsa, tizilomboto mukanationa m'timitsempha tsiku lomwelo, mlimi n'kumuuza zoti adibe ziweto zotsalazo.

Wa ku Luchenza: Sindinapange, mutu unali pa zithunzi zokongola. Ali ndi glutaraldehyde wa EM grade ndani? Wanga wachita mitambo m'botolo.

Mkulu wa ku Chitakale: Ameneyo tayani. Ndili ndi ma ampoule awiri osatsegula. Lachisanu ndikudutsa pa Luchenza popita ku Limbe, mudzandidikire pa siteji ndi cooler box.