Kodi ndiyambe ndi digiri yachiwiri, kapena ndifunsire kaye ntchito mu ofesi ya Registrar?

Mphunzitsi wa ku Chitakale:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndine mayi wa ana awiri, ndili ndi digiri ya zauphunzitsi, ndipo ndaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Mulanje kwa zaka 6, zitatu mwa izo ndikuyang'aniranso za mayeso. Mtima wanga uli pa ntchito yoyendetsa zinthu pa yunivesite, makamaka poti yunivesite ya MUST (Malawi University of Science and Technology) ili pafupi pompa ku Ndata, m'boma la Thyolo, moti sindingatalikirane ndi banja. Kodi ndalama zomwe ndasunga ndilipirire digiri yachiwiri panopa, kapena ndiyambe ndafunsira ntchito ndi pepala lomwe ndili naloli?

Wopuma pantchito, Luchenza:
Mayi, ine ndinakalambira mu ofesi yoteroyo, ndipo ndinganene kuti funsirani kaye. Ntchito yake ndi kulembetsa ophunzira, kusunga malikisi mosamala, kukonza ndondomeko ya mayeso, kulemba maminitsi a Senate (komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite), ndiponso kukonzekera mwambo wopereka madigiri. Zimenezi munthu amaziphunzira pogwira, ndipo dzina limodzi likalakwika pa satifiketi, amene amayankha ndi inu, kaya muli ndi madigiri angati. Zaka zanu zoyang'anira mayeso n'zamtengo wapatali, choncho muzifotokoze bwino m'kalata yanu. Komanso musayang'ane ku Ndata kokha, chifukwa chiyambire 2021, pamene University of Malawi inagawidwa n'kubala mayunivesite a MUBAS (ya zamalonda ndi sayansi) ndi KUHeS (ya zaumoyo), sukulu iliyonse ili ndi ofesi yakeyake ya Registrar, ndipo ziwirizi zili ndi nthambi ku Blantyre, komwe si kutali.

Mlembi wa pa koleji, Thyolo:
Ndikugwirizana ndi bambowa pang'ono chabe. Kulowa mungathe kulowa, achemwali, koma ine ndakhala pa mpando umodzi kwa nthawi yaitali ndikuona anzanga a digiri yachiwiri akundipitirira, ndipo zimandiwawa kuti ndinachedwa kuyamba sukulu. Mukasankha kuphunzira, tengani maphunziro a kayendetsedwe ka ntchito kapena ka maphunziro, osati phunziro lomwe mumaphunzitsa m'kalasi, ndipo funani a kumapeto kwa sabata kuti malipiro asaime. Musanalipire ngakhale tambala, funsani ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka, chifukwa msuweni wanga anataya ndalama zambiri pa pepala lomwe olemba ntchito anakana kuliwerengera. Powerengera fizi muphatikizepo ndalama za minibasi yopita ku Limbe, malo ogona ndi zakafukufuku.

Mphunzitsi wa ku Chitakale:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Za NCHE sindinaziganizire n'komwe. Bambo a ku Luchenza, kodi kalata yochokera kwa a hedi athu yotsimikizira kuti ndinkayang'anira mayeso ingakwanire, kapena pamafunikanso umboni wina?

Wopuma pantchito, Luchenza:
Imathandiza ndithu, Mayi, bola ikhale ndi chidindo cha sukulu, itchule zaka zake ndi ntchito zenizeni zomwe munkagwira.