Jaguar XJ6 yafooka ndipo ikutentha: ndikhulupirire tochi kapena khutu?

Phiri (Ginnery Corner): Mwaswera bwanji mabwana. Ndili ndi Jaguar XJ6 ya 1976 pagalaja pano, injini ya 4.2 ija ya mapisitoni 6 ondondozana. Mwini wake amachititsa hayala pa maukwati. Akudandaula kuti galimoto yafooka, ikamakwera ku Chichiri imachita kukokera, singano ya kutentha nayo n'kumakwera. Rediyeta ndi yoyera, thermostat ikutsegula, makabuleta onse awiri tawalinganiza. Chondizunguza mutu ndi taimingi, nthawi imene pulagi imayatsa moto. Ndikatchera ndi tochi ya taimingi, ija imathwanima pulagi ikayatsa moto, pa chizindikiro chomwe buku likunena, injini imafookeratu, manifodi n'kutentha koopsa. Ndikapotoza distributor, chogawira moto ku mapulagi, momvera ndi khutu imakoka bwino, koma tochi imati moto ndaufulumizitsa mopyola muyeso.

Che Jafali (Limbe): A Phiri, tochiyo mwakola pa waya wa pulagi iti? Pa injini za Jaguar zimenezi nambala 1 ili kumbuyo, kufupi ndi dalaivala. Ya kutsogolo ku rediyeta ndi nambala 6.

Phiri: Ndakola ya kumbuyo, Che Jafali. Komanso 1 ndi 6 zimakwera limodzi, chizindikiro chimaoneka pamalo amodzimodzi.

Gondwe (Chirimba): Mwana wanga, tochi sikunama, khutu lakonso silikunama. Chikunama ndi chizindikirocho. Manambala a taimingi analembedwa pa mkombero wa dampa, chiwilo chija cha kutsogolo kwa injini chomeza kunjenjemera, ndipo dampa si chitsulo chimodzi. Pali chapakati chomangidwa ku kilankishafuti, pali mkombero wolemera, ndiye pakati pa ziwirizi anamatapo labala. Labala wa 1976 waona kutentha kwa injini ndi oyilo wodontha zaka zonsezi. Akamatuka, mkombero umatsalira m'mbuyo pang'onopang'ono, manambala n'kupita nawo. Chizindikiro chikamafika pa kaloza, kachitsulo koloza manambalawo, pisitoni imakhala itadutsa kale pamwamba. Iwe ukatchera pamenepo moto umayaka mochedwa, petulo amakamalizira kupsa ku ekizosi. N'chifukwa chake ilibe mphamvu koma ikutentha.

Usanamasule kanthu, jambula mzere wa Tipp-Ex kuchokera pa chapakati, kudutsa pa labala, mpaka pa mkombero. Liza injini, uponde moto kangapo, uzimitse. Mzere ukaduka ndiye kuti wagwira wakuba. Uonenso ngati mkombero ukugwedezeka injini ikamalira payokha, ndiponso ngati labala wang'aluka kapena watupa.

Che Jafali: Mzerewo nthawi zina suduka tsiku lomwelo ngakhale mkombero unasuntha kale. Pezani pamwamba penipeni pa pisitoni. Tengani pulagi yakutha, mugumule chadongo chija, mulowetse bawuti yotulukira pang'ono kunsi. Chotsani batire ndi mapulagi onse. Zungulizani injini ndi dzanja mpaka pisitoni igunde bawutiyo, mulembe pa mkombero pomwe kaloza waloza. Kenaka mufikire kuchokera mbali inayo, mulembenso. Pakatikati pa malo awiriwa ndi pamene 0, nambala yosonyeza kuti pisitoni ili pamwamba penipeni, ayenera kukhala.

Gondwe: Zoona Che Jafali, koma pa mutu wa Jaguar mavavu ndi akuluakulu ndipo anapendekeka. Mukabweza injini chizungulire chonse bawuti ili m'kati, vavu ikhoza kuigunda n'kupindika. Chitani pamene mavavu onse awiri atseka. Ikagunda koyamba, masulani pulagiyo, mudutsitse pisitoni pamwamba, muibwezeretse pulagi, kenaka mubwerere m'mbuyo pang'ono mpaka igundenso. Mwa dzanja, osati ndi sitata.

Phiri: Ndachita momwe mwanenera. 0 wa pa mkombero wathawa pamalo pake ndi chala chathunthu. Labala ali ming'aluming'alu, mbali imodzi wafewa ndi oyilo wa pa silo yakutsogolo. Madala a Gondwe, mwalasa.

Yamikani (Ndirande): Ndiye vuto latha bwana. Bwezerani mkombero pamalo pake, muwotcherere malo atatu kapena anayi, susunthanso. Kunoko timatero pa mapule a maminibasi, galimoto n'kubwerera pamsewu tsiku lomwelo. Apo ayi ndikuyang'anireni ina kwa ogulitsa zakale.

Gondwe: Yamikani, usadzachite zimenezo pa injini iyi. Labala uja sanamuikemo kuti agwire manambala ayi. Pisitoni iliyonse ikaphulika imakankha kilanki, kilankiyo n'kupotoka pang'ono kenaka n'kubwerera, monga mmene mayi amafinyira chitenje chonyowa. Maso sangaone, koma zimachitika kambirimbiri pa sekondi. Pa liwiro lina la injini, kukankhako kumagwirizana ndi kunjenjemera kwa kilankiyo, kupotoka n'kumakulirakulira. Mkombero wolemera umakana kutsatira, labala amapindika pakati, mphamvu ija n'kusanduka kutentha. Ukawotcherera watsala ndi chitsulo cholemera kumapeto kwa kilanki popanda chomeza kanthu.

Ndipo injini ya mapisitoni 6 ondondozana ndi imene imafuna dampa kwambiri chifukwa kilanki yake ndi yaitali. Ya Jaguar ili ndi mabering'i akuluakulu 7, pisitoni imayenda mamilimita 106. Mabering'i amenewo amaletsa kilanki kupindika, koma saletsa kupotoka. Zotsatira zake siziwoneka sabata yoyamba: matcheni a taimingi amayamba kulira, mabawuti amamasuka okha, pamapeto kilanki imang'aluka. Kilanki ya 4.2 uipeza kuti mu Blantyre muno?

Yamikani: Ndamva madala. Nanga yakale yochotsa pa galimoto ina?

Anachisale (Makata): Achimwene, labala wa pa yakaleyo ndi wa msinkhu womwewo. Ngakhale imene yakhala pa shelefu osagwira ntchito imakhala itauma. Kuno ku makina anthu amabwera nazo kuti tiboole tilowetse mapini, ine ndimawabweza. Komanso kugula dampa poyang'ana maonekedwe n'koopsa. Pa Ford 302 V8, injini zakale zinkafuna dampa ya kulemera kwa mbali imodzi kwa ma ounce 28, za m'ma 1980 n'kusintha kupita pa 50. Pa kilanki zonse zimalowa, koma mukasokoneza injini imanjenjemera mpaka kudya mabering'i. A Phiri, pooda mutumize nambala ya injini ndi chithunzi cha dampa yanuyo mbali zonse, pamodzi ndi pule, chifukwa injini imeneyi inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1992 ndipo madampa ake sanali amtundu umodzi.

Phiri: Zikomo achemwali. Mwini wake akuti ali ndi ukwati Loweruka likudzali. Akufunsa ngati ndingalembe chizindikiro chatsopano, nditchere taimingi, ayende kaye.

Che Jafali: Chizindikiro chatsopano chithawanso, poti chili pa mkombero womwewo. Potchera taimingi ya pagalaja mutha kulemba pa pule, yomwe imayenda ndi chapakati. Koma kunyamula akwati ayi. Mkombero umenewo ukathothoka uli pa liwiro, kutsogolo kwake kuli fani ndi rediyeta. Auzeni abwereke Benz.

Anachisale: Yatsopano kapena yoikidwa labala watsopano imapezeka kwa ogulitsa zipangizo za Jaguar ku UK, ena ku Johannesburg. Ya ku Joni imafika msanga pa basi kudzera pa Mwanza, koma muwawerengere bwanayo msonkho wa MRA asanavomere, asadzakudabweni. Muodere limodzi silo yakutsogolo, kiyi wa pa kilanki, koni yong'aluka ija imene dampa imakhalapo, ndi kachitsulo kozungulira kamene silo imatsetserekapo. Pa injini iyi silo sigwira pa dampa, imagwira pa kachitsulo kameneko. Ngati kadyeka mzere, silo yatsopano idonthabe, oyilo n'kuyambanso kudya labala watsopano.

Gondwe: Pochotsa, chokokera chigwire pa chapakati. Cha zala zitatu chokola mkombero chimangomalizitsa labala, ndipo ngati mukufuna kukasinthitsa yakaleyo sailandira itapindika. Poika, hamala ikhale kutali, chifukwa nkhonya iliyonse imakathera pa ma thrust washer, tizitsulo toletsa kilanki kuyenda kutsogolo ndi kumbuyo. Koni ndi bowo la dampa zikhale zoyera, zopanda dzimbiri. Bawuti yaikulu imangidwe ndi torque wrench pa mlingo wa m'buku, loko wake abwezeretsedwe. Dampa yomasuka pa koni imadya mpata wa kiyi, ndipo imeneyo ndi ntchito yotsitsa injini.

Phiri: Yatuluka. Koni inali itakakamira koma yamasuka, mpata wa kiyi uli bwinobwino. Kachitsulo ka silo kali ndi mzere woti chikhadabo chikukodwa, ndiye kalowa pa oda. Bwana uja wavomera, Loweruka ayendera ina. Katundu akafika ndiyesanso ndi pulagi ya bawuti ija ndisanatchere moto, ndione ngati 0 wa yatsopanoyo akugwirizana ndi kaloza. Achemwali Anachisale, pule ndibwera nayo mawa muiyese pa makina, ikuoneka ngati yapindika mlomo umodzi.

Anachisale: Bwerani nayo m'mawa magetsi asanazime.