Mashoko akutsogolo pa njinga ya ulendo wautali, ngofunikadi?

Chimz_A25:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Mwezi wamawa ndikufuna ndipalase kuchoka kuno ku Lilongwe mpaka ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 120, ndikagone masiku awiri kenako nkubwerera. Ndapeza njinga ziwiri za kaunjika, ina ili ndi mashoko kutsogolo ina foloko yake ndi yachitsulo wamba. Mtima wanga uli pa ya mashoko koma ndinyamula tenti, zovala ndi madzi ndiye ndasokonezeka.

Wakapalasa:
Achimwene tengani ya foloko wamba. Msewu wa M14 wopita kumeneko ndi wa phula, maenje mumangowazemba. Mashoko otchipa aja amapitirira makilo awiri pomwe foloko yachitsulo ndi cha m'ma kilo imodzi, ndipo musaiwale kuti pobwerera nkukwera, nyanja ili m'munsi Lilongwe ili pamwamba kusiyana kwake pafupifupi mamita 600, ndiye mukaimirira pa mapedulo pachitunda njinga imangogwedera mphamvu zanu nkumathera m'masipuling'i.

NaPhiri_Biwi:
Koma musawanyoze kwambiri mashokowa. Ine ndinapita ku Dzalanyama pa msewu wafumbi ndi njinga yopanda mashoko, pofika zala zitachita dzanzi moti botolo la madzi ndimalephera kutsekula. Ngati tsiku lina mudzafune njira zakumudzi mudzawakumbuka. Onani ngati ali ndi kaloko kaja kotseka, paphula mumatseka pafumbi nkutsekula.

Mekaniki wa ku Kawale:
Zoona mayi, koma a kaunjika ambiri amene amabwera pa shedi panga amakhala atauma kale. Fumbi lathuli limalowa m'masilu, mvula ikabwera dzimbiri, basi munthu ukungonyamula kulemera kwachabe. Akakufera panjira palibe angakonze, sipeya wake ngovuta ngakhale mutauni muno, pomwe foloko yachitsulo ikathetheka wowotcherera wa pa trading aliyense amakuthandiza. Chinanso keliyala yakutsogolo simanga bwino pa mashoko, katundu yense amathera kumbuyo ndiye masipoko amayamba kuduka. Ikani matayala onenepa ndipo musapope gwa ngati mwala, mabampu ang'onoang'ono tayala limameza lokha. Anyamata a makala aja amalowa mutauni m'mamawa ndi matumba atatu, munawaonapo ndi mashoko?

Chimz_A25:
Zikomo nonse, ndikatenga yachitsuloyo Loweruka. Bambo a ku Kawale ndibwera nayo muione mabuleki ndi tcheni, matayalawo ndigule a saizi yanji?