Ku Blantyre kuno mumadyera kuti masana osaboola thumba?

MtsikanaWaKuKasungu

Moni nonse muno. Ine ndangobwera kumene ku Blantyre, ndinapeza kantchito cha ku Ginnery Corner ndipo pakadali pano ndikukhala kaye kwa azakhali ku Chitawira podikira kuti ndipeze kanyumba kanga. Vuto langa ndi lanchi abale. Anzanga a mu ofesi ena amabwera ndi makontena awo, ena 12 ikangokwana amasowa n'kubwerako akutokosa m'mano, ukawafunsa amangoti tinali ku mmemo osakuuza kuti mmemowo uli pati kkkk. Ine ndakhala ndikungodyera masikono ndi Fanta mpaka m'mimba mwayamba kudandaula, ndiye ndati ndifunse kwa eni mzinda, mumadyera kuti masana poti munthu n'kukhuta koma malipiro n'kufika nawo kumapeto a mwezi?

Chachiwiri, Loweruka likubwerali kukubwera mnzanga wa ku sekondale kuchokera ku Zomba, takhalitsa osaonana ndiye nkhani zilipo zambiri, ndikufuna malo oti tikakhale pansi kumwa tiyi kapena kudya kenakake kopepuka tikucheza mosathamangitsidwa. Ku bala ayi iyeyo ndi wopemphera kwambiri, ku hotela nakonso ayi ndalama yake ndilibe. Thandizeni.

DoloWaPaNdix

Takulandirani ku Kabula achemwali. Choyamba masikonowo asiyeni mufooka nayo ntchito. Mmemo sausaka pa Google Maps, inu nthawi ikamakwana 12 muime panja muone kumene akulowera anyamata a maovolosi, alonda ndi madalaivala, muwatsate pambuyo basi mukafika. Cha ku Ginnery Corner konko ndi mbali yonse ya mafakitale kuli timalo tambiri kuseri kwa mipanda, tina ndi tamalata chabe, benchi, tebulo loyala pulasitiki, ndowa ya madzi osamba m'manja pakhomo, koma nsima yake imachoka pamoto inu mukuona. Ndiwo mumasankha, nyemba, usipa, mazira, nkhuku, ng'ombe kapena zamkati, masamba amakuikirani pambali osawerengera, mpiru kapena chayinizi, tsiku lamwayi mupeza nkhwani wotendera. Ofuna mpunga uliponso koma ine mpunga masana ndimauona ngati kungonamiza mimba, ikamati 3 koloko njala yabwerera.

Chinsinsi ndi nthawi. Fikani hafu 12 isanakwane, mukachedwa mpaka cha m'ma 1 mupeza nkhuku yatsala makosi ndi mapiko, nsima nayo ya pansi pa poto. Chinanso musamasinthesinthe malo, sankhani mayi mmodzi muzidya kwa iwowo, akakuzolowerani amayamba kukusungirani nthuli yabwino ndipo ambiri ali ndi kope lawo amakulembani n'kudzalipira mukalandira. Anzanu a mu ofesiwo mwinanso ali ndi mmemo weniweni uja wosonkherana, wogula okha ufa ndi ndiwo n'kupeza munthu woti aziwaphikira, umenewo ndiye wotchipa kuposa zonse koma salowetsa munthu wamba, muyambe mwawasekerera kaye kkkk.

Tsiku loti nsima simukuifuna pitani pachiwaya. Mumangouza mnyamatayo kuti ndiikireni cha ndalama zakuti, amakukankhirani chipisi chanu kumbali kwa chiwayacho, mchere, kabichi ndi tomato, tsabola wa kambuzi ngati mumalimba naye, mukafuna akuswereni dzira pompo kapena akudulireni kanyama. Kudya choimirira, foloko m'manja, nkhani za Bullets ndi Wanderers zili mkati. Mungodziwa kuti mulu wake suli ngati kale, mafuta ophikira anakwera kwambiri makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja, ndiye anyamatawa mtengo akaopa kukweza amachepetsa chipisicho. Komanso mbatatesi zambiri zimachokera ku Ntcheu ndi ku Dedza, uko kwa Tsangano ndi Lizulu, ndiye zikasowa kumeneko kapena mafuta a galimoto akavuta mumaonera pachiwaya pompano, mpamene ena amayamba kukazinga chinangwa ndi mbatata ya kholowa. Ine chinangwa chokazinga ndimachikonda kuposa chipisi, chimakhala m'mimba mpaka madzulo.

Za Loweruka zo ndikanati pa Kamba madzulo, kanyenya wa mbuzi ndi mang'ina, koma mwati mnzanuyo ndi wopemphera ndiye ndangokhala chete.

Nachisale_BT

A Dolo mwayankha bwino za lanchi koma pa Kamba pokha ayi, munthu wachoka ku Zomba kudzacheza ndiye akakhale pa utsi ndi masipika? Sisi mverani ine. Malo ocheza modekha mu Blantyre alipo koma muyenera kuvomereza chinthu chimodzi, ku kafe simulipira tiyi yekha, mukulipira mpando, mthunzi, chimbudzi chaukhondo ndi kuti palibe amene akuimirireni kumbuyo kudikira kuti mudzuke. Anthu amakonda kunena kuti eee kapu imodzi ya khofi mtengo wake ndi nsima ya masiku atatu, zoona, koma ku mmemo mungakhale maola atatu mukukamba za chibwenzi cha mnzanu? Mayi aja adzakuuzani kuti benchi likufunika.

Ine malo amene ndimatengerako alendo ndi ku Mandala House, pafupi ndi tauni pomwepa, kuli kafe yotchedwa La Caverna. Nyumbayo ndi yakalekale, inamangidwa mu 1882 nthawi ya kampani ya African Lakes, ili ndi khonde lalikulu ndi mitengo panja, mkatimo muli zojambulajambula ndi zosema zogulitsa ndiye ngakhale musagule mumazungulira kuona, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi. Mukaitanitsa tiyi ndi keke imodzi yogawana mutha kukhala mpaka nkhani zithe, phokoso kulibe. Kumabwera azungu ambiri ndi anthu a mabungwe ndi malaputopu awo koma zisakuopseni, ndalama yanu ndi yawo ndi imodzimodzi. Mungofunsa kaye nthawi yotsekera chifukwa malo otere Loweruka ambiri sachedwa kutseka, pitani m'mawa.

Ngati mukufuna poti pali anthu ambiri ndi zakudya zodziwika, nkhuku, pizza, ayisikilimu, ndiye ku Chichiri, kuchokera ku Chitawira si patali. Kungoti Loweruka la kumapeto a mwezi kumadzaza ndi makolo ndi ana, mzere wautali, tebulo kulimbirana, sindikuona ngati mungamvane bwino.

Langizo langa lina, musanaitanitse pemphani menyu muone mitengo ndi maso anu ndipo mufunse ngati ili yatsopano. Ine zinandionekerapo pa malo ena ake ku Namiwawa uku, sinditchula dzina, tinaitanitsa masangweji awiri ndi juwisi potengera mitengo ya pa menyu, bilu pobwera yakwera, kufunsa akuti pepani menyuyo ndi yakale sitinasindikize ina. Ndinalipira mwamanyazi poti ndinali ndi mlendo koma sindinapondekonso. Ndipo chimene chimandinyasa m'makafe ena ndi ichi, Thyolo ndi Mulanje zili apa, tiyi akulimidwa pakhomo pathu, Satemwa ali ndi tiyi wabwino zedi, khofi wa Mzuzu aliponso, koma wina akukupatsa kathumba ka tiyi wochokera kunja m'madzi ofunda n'kukutchaja ngati wakuphikira phwando. Muzifunsa kuti muli ndi tiyi wakonkuno? Malo abwino amakhala naye.

MayiWaAwiri

Ine sinditsutsa za mmemo ndi chiwaya, nanenso ndimadya, koma mwana wa eni wangobwera kumene mimba yake sinazolowere ndiye timuuze zoona. Tisaiwale kolera ija inayamba mu 2022 mpaka 2023, inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Blantyre inali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri, mpaka sukulu za kuno ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Ndiye nyengo ya mvula makamaka muzisamala. Chokazinga kapena chophika chimene chachoka pamoto chili chotentha chilibe vuto kwenikweni, choopsa ndi kabichi ndi tomato wosaphika uja amathira pamwambayo, simudziwa anatsukira madzi anji, komanso madzi osamba m'manja a m'beseni limodzi anthu khumi. Muziona poti akukuthirirani ndi jagi kapena pali ndowa ya kampopi ndi sopo.

Mafutanso muziyang'ana. Akakhala akuda bii ndiye kuti akazingira masiku angapo osasintha, chipisi chake chimawawa kukhosi ndipo chimakupatsa chilungulira. Zokulungira mu nyuzipepala nazonso ine ayi, bola kutenga kakontena kanu akuikireni momwemo, mukadyere ku ofesi.

DoloWaPaNdix

Mayi mwanena zoona za madzi ndi saladi, pamenepo sindikana. Koma tisamangonyoza a pachiwaya okha, iwo aja chilichonse amachita pamaso panu, mbatatesi akusenda mukuona, mafuta mukuwaona. Kukhitchini kwa malo a magalasi aja munalowako? Magetsi akazima tsiku lonse soseji ndi nkhuku za mu fuliji zija mukuganiza amataya? Ine lamulo langa ndi limodzi kaya ndi pa shedi kaya pa malo a mipando yofewa, idyani pamene pali anthu ambiri chifukwa chakudya sichigona.

MkuluWaKuLimbe

Ana inu mukukamba ngati Blantyre imathera pa Chichiri. Kwerani minibasi ya mu Highway mubwere ku Limbe mudzaone. Kuno zokhwasulakhwasula ndiye kwawo, masamusa a nyama ndi a mbatatesi, zigege zotentha zothira tsabola, mandasi, zibwente, chimanga chootcha nthawi yake ikakwana, ndipo chifukwa cha amwenye ndi Asilamu ambiri amene ali kuno malo a halaal ndi osasowa, mupeza chapati, biriyani ndi tiyi wa masala amene kwina mungamufune osamupeza. Mwezi wa Ramadan madzulo dzuwa likamalowa ndiye mudzaone zokazinga zake.

Ife tinakulira m'matiyirumu mwana wanga. Kapu yaikulu ya tiyi wamkaka, shuga wodzithirira wekha, buledi wopaka Stork kapena chikondamoyo, wailesi ikulira pa shelefu, anthu n'kumatsutsana za mpira ndi ndale mpaka tiyi kuzizira. Alipobe m'misika ndi m'mataunishipi, ku Bangwe, ku Ndirande, ku Zingwangwa, kungoti achinyamata mumawaona ngati a madala. Zimene a Nachisale akunena zoti umalipira mpando n'zoona, koma mu tiyirumu mpando womwewo unali wa ulere bola wagula kapu imodzi. Kungoti kwa atsikana awiri ofuna kukamba zawo zachinsinsi sindingakutumizeniko, mudzapezeka madala onse atchera khutu kkkk.

Chimene ndimadandaula ine ndi zitumbuwa. Kale nthochi za ku Thyolo zinali mbwee, zitumbuwa zinali zotsekemera zokha popanda shuga, ndiye kunabwera matenda a chisaka aja anatha nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpaka tinayamba kudya nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Lero ena akungothira ufa wambiri ndi shuga, kanthochi kongonunkhiritsa. Mukapeza mayi wopanga zenizeni, zakuda pang'ono kunja, zofewa mkati, musamutaye. Thobwa nayenso chimodzimodzi, wabwino ndi wa chimera cha mawere kapena mapira wogona usiku umodzi, koma poti mayi uja wanena za madzi, gulani kwa munthu amene mukumudziwa.

Mukabwera ku Limbe chikwama chikhale kutsogolo, foni musamayende mukuyang'ana, pamsika ndi pa depoti pamakhala anthu ambiri.

MtsikanaWaKuKasungu

Eee zikomo kwambiri nonse sindimayembekezera mayankho ochuluka chonchi. Lero ndachita zimene ananena a Dolo, ndatsatira alonda a pa geti pathu mpaka ndakapezeka kuseri kwa galaja ina yake, nsima ya nyemba ndi mpiru, mayi ake ansangala ndipo pali ndowa ya kampopi ndiye a MayiWaAwiri mtima ukhale m'malo. Ndakapezanso awiri a mu ofesi mwathu ali phee pa benchi, kundiona angoseka. Loweruka tiyesa ku Mandala m'mawa, ku Limbe ndidzapita ndi azakhali tsiku lina poti njira sindinazidziwe. Funso lomaliza, malo amenewa amalandira Airtel Money kapena Mpamba, kapena ndiyende ndi kashi?

Nachisale_BT

Makafe ndi malo a ku Chichiri ambiri amalandira khadi komanso za pafoni, koma netiweki ikavuta makina aja amakana ndiye muzikhala ndi kashi pang'ono m'chikwama musadzachite manyazi pamaso pa mlendo. Ku mmemo ndi pachiwaya ena amalola kuwatumizira pafoni koma amati muonjezere yotapira, bola ndalama m'manja, komanso zikhale zosinthasintha chifukwa mukatulutsa K5,000 pa chipisi chochepa mudzadikira chenji mpaka lanchi kutha. Kuchokera ku Chitawira mukwere ya m'tauni muuze kondakitala akutsitseni pa Mandala, kotsalako ndi koyenda pansi.